Chimfine Chikabuka pa Ulendo wa Achinyamata a Mpingo ku Glendale

Ulendo wa achinyamata wokalalikira m'mafamu ozungulira Glendale ukakonzedwa m'tchuthi cha Ogasiti, umakumanizana ndi nyengo ya chimfine chachikulu, chija achipatala amachitcha fuluwenza. Kum'mwera kwa Africa kuno matendawa amakonda miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Glendale ili m'boma la Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, pa msewu wochoka ku Harare kupita ku Bindura, ndipo m'makomboni a m'mafamu ake mukukhala ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito. Pakati pa anthu otere ndi pomwe panamera sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP, imene inayamba ngati ntchito ya mishoni ya Nkhoma yotsatira Amalawi a kuno m'chaka cha 1912. Achinyamata akafika kumeneko amagona m'tchalitchi kapena m'kalasi, anthu makumi atatu pamphasa zogundana, mazenera ali otseka chifukwa cha chisanu. Kachilombo ka fuluwenza sikafuna malo ena oposa amenewa.

Ntchito imayamba ulendo usananyamuke. Mtsogoleri, kaya ndi mkulu wa mpingo kapena wapampando wa achinyamata, ayenera kukhala ndi kope lolembamo dzina la mwana aliyense, zaka zake, nambala ya foni ya kholo, ndi matenda amene ali nawo kale. Ofunika kuwadziwa msanga ndi ana a mphumu, a matenda a shuga kapena a mtima, ndi amene akumwa ma ARV, pakuti chimfine chimawagwetsa kuposa anzawo. Kope limeneli likhale m'manja mwa munthu mmodzi wosunga chinsinsi. M'thumba la mankhwala mukhale themometa, panado wa mapiritsi ndi wamadzi, sopo wokwanira, mamasiki, ndi ndalama yapadera yolipirira galimoto usiku. Asipirini asalowemo. Kwa mwana wosakwana zaka 16 amene ali ndi chimfine, asipirini angathe kuyambitsa matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye.

Tsiku lonyamuka, mwana amene wadzuka thupi likutentha atsale. Apa m'pamene atsogoleri ambiri amafewa mtima: mwana waloweza nyimbo mwezi wathunthu, makolo alipira kale ya kombi, ndiye wina amati, "Musiyeni akwere, akachira kutsogolo." Koma munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi zizindikiro zisanaoneke, ndipo amapitiriza kwa masiku 5 mpaka 7, ana aang'ono kuposerapo. Kulira kwa mwana mmodzi pabwalo la tchalitchi n'kopepuka kusiyana ndi ana khumi ogona pamphasa kutali ndi kwawo.

Gulu likangofika, mtsogoleri afunse eni malo kumene kuli kiliniki yapafupi, nthawi imene imatsegula, ndi amene ali ndi galimoto. M'derali muli chipatala cha boma ku Concession ndi cha Howard cha Salvation Army ku Chiweshe, koma kuchokera pafamu ina kukafika pamsewu waphula ndi ulendo paokha. Apemphenso chipinda chimodzi chapadera, ngakhale palibe amene akudwala. Pogona, ana asiyane pafupifupi mita imodzi, wina mutu uku mnzake mutu uko, ndipo zenera limodzi likhale lotsegula ngakhale kuzizire. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake umapha mwakachetechete, ndipo umayamba ndi litsipa, chizungulire ndi nseru, zomwe munthu angaziyese chimfine. Ana angapo a m'chipinda chimodzi akadzuka onse mutu ukuwawa pomwe munali mbaula, atulutsidwe panja msanga ndi kupita nawo kuchipatala.

Fuluwenza imasiyana ndi chimfine wamba pa kabweredwe kake. Chimfine wamba chimayamba pang'onopang'ono ndi mamina, mwana n'kumasewerabe mpira. Fuluwenza imagwetsa mwadzidzidzi: mtsikana amene m'mawa amatsogolera kwaya, masana wadzikulunga m'chitenje pakona, akunjenjemera, thupi laphwanya, pakhosi pakuwawa, chifuwa chouma, themometa ikuonetsa 38 kapena kuposa. Kuchokera pamene munthu watenga kachilomboka mpaka kudwala pamapita tsiku limodzi mpaka anayi, kawirikawiri awiri, choncho woyamba akagwa Lachiwiri, ena ayembekezeredwe Lachinayi.

Wodwala woyambayo asamutsidwe nthawi yomweyo kupita m'chipinda chapadera chija, ndi kapu yake, mbale yake ndi bulangete lake. Amusamalire munthu wamkulu mmodzi yemweyo, atavala masiki, osati mayi woyembekezera kapena gogo. Amayi a Chigwirizano amene amaperekeza maulendo otere amaidziwa ntchitoyi, koma asamalandirane asanu pa mwana mmodzi, poti onse asanuwo akabwerera nacho kukhitchini. Anzake amupempherere ali pakhomo. Pemphero silichepa mphamvu chifukwa choti sanamugwire pamutu. Makolo auzidwe tsiku lomwelo, mawu ake akhale oona, osachepetsa ndiponso osaopseza.

Kutentha thupi ku Mashonaland Central kusangotengedwe ngati chimfine. Chigawochi chili ndi malungo, ndipo malungo nawonso amayamba ndi kunjenjemera, litsipa ndi kuphwanya thupi. Ngakhale m'nyengo yozizira udzudzu umachepa, mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi pakiliniki kapena kwa wothandiza zaumoyo wa m'mudzi tsiku lomwelo. Zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Amene akutsegula m'mimba mwamadzimadzi athamangire naye kuchipatala osadikira, chifukwa kolera, imene inavuta m'Zimbabwe mu 2008 ndi 2009 komanso mu 2023 ndi 2024, imatha munthu m'maola ochepa.

Malungo akapanda kupezeka, chithandizo chenicheni ndi kupuma ndi kumwa. Madzi owiritsa, tiyi, thobwa, phala lamadzimadzi, zonsezi azipatsidwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo wosamalira aziona ngati mwanayo akukodza. Panado aperekedwe motsata zaka kapena kulemera kwa mwana monga zalembedwera papaketi, osapitirira kanayi pa maola 24, ndipo nthawi iliyonse ilembedwe m'kope kuopa kumwetsa kawiri. Makapisozi a amoxicillin otsala kunyumba sapha kachilombo ka fuluwenza. Amenewo ndi oti alembe adokotala akapeza chibayo kapena vuto lina. Ana aja a mphumu ndi ena ofooka aonedwe ndi achipatala mwamsanga, popeza mankhwala olimbana ndi fuluwenza, komwe alipo, amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Mwana akamapuma mothamanga kapena movutika, nthiti zikulowa m'kati, milomo itada, akakana kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akauma khosi, akamalankhula zosokonekera kapena kuvuta kudzutsa, galimoto inyamuke usiku womwewo. Chimodzimodzi amene anaoneka ngati wachira koma thupi latenthanso ndipo chifuwa chakula, chifukwa nthawi zambiri chibayo chimalowa motero.

Chigamulo chovuta kwambiri n'chokhudza ntchito imene anadzera. Odwala akafika awiri kapena atatu, kuyenda khomo ndi khomo kuime. M'makomboni muli nkhalamba zimene zinakalambira m'minda ya fodya ndi malalanje, zambiri zilibe ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala, ndipo mulinso makanda. Mlendo akafika, gogo amamulowetsa m'kanyumba kopanda zenera, namugwira dzanja ndi manja awiri, osafuna kulisiya. Wachinyamata amachira pakatha sabata. Gogo uja mwina sadzukanso. Mliri wa fuluwenza wa 1918 unasesa kwambiri m'makomboni a m'migodi ya dziko lino chifukwa cha kuthithikana. Mapemphero apitirire panja, pamthunzi, anthu atatalikirana, popanda kupatsana moni wa m'manja, ndipo odwala asakhalepo. Sukulu ya ana aang'ono ilekedwe. Otsala athanzi azisamba m'manja ndi sopo pamadzi othirirana, osati m'beseni limodzi, ndipo azitsokomolera pachigongono. Odwala akamawonjezeka tsiku ndi tsiku, kapena osamalira akayamba kugwa nawonso, ulendo ufupikitsidwe, abusa ndi namwino wa pakiliniki atadziwitsidwa.

Pobwerera, odwala akwere galimoto yawoyawo ngati ilipo. Ikapanda, akhale kumbuyo atavala mamasiki, mazenera ali otsegula. Kholo lililonse lilandire mwana wake pamodzi ndi kapepala konena tsiku limene anayamba kudwala, mankhwala amene wamwa ndi zotsatira za kuyeza malungo. Amene abwerako athanzi ayang'aniridwe masiku anayi, ndipo asayandikire makanda ndi okalamba a pakhomo. Wodwala abwerere kutchalitchi kapena kusukulu pokhapokha atatha maola 24 thupi lisakutentha popanda kumwa panado. Patatha sabata, mtsogoleri aimbire foni akulu a mpingo wa kufamu kuja kufunsa ngati kuli amene wadwala, ndipo ngati alipo, mpingo wotumiza uthandizepo pa ndalama ya ulendo wa kuchipatala.