Msilikali Wopukwa Kwawo

Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945 anyamata ambiri a m'dziko lino analembedwa usilikali wa King's African Rifles, umene anthu ankautcha Keyala, ndipo a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi sanatsale. Anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, kenaka anaoloka nyanja kunka ku Ceylon ndi ku Burma.

Mu 1944 anatsika chigwa cha Kabaw m'matope ndi malungo, nafika pa mtsinje wa Chindwin m'mwezi wa December. Ndiwo mwezi umene kwa Dzoole anthu amapikulika ndi kubzala ndi kupalira. Mnyamata wa kumeneko, ali pa ulonda usiku, sakanaleka kudzifunsa kuti: kodi munda wa amayi akulima ndani? Kodi mwana amene ndinamsiya kumsana adzandizindikira?

Pali Akhristu ena amene amayesa kuti kupukwa kotere nkuchepa kwa chikhulupiriro. Akulakwa. Salmo 137 limasimba za Ayuda akulirira Yerusalemu pa mitsinje ya ku Babiloni, ndipo Eklezia sanachite manyazi kuika misozi imeneyo m'mapemphero ake. Wokonda kwawo ndi makolo ake akusunga lamulo lachinayi, ngakhale ali kutsidya kwa nyanja.

Choopsa chili pena. Mtima wopukwa umafuna chitonthozo msanga, ndipo chimene chili pafupi ndi mowa, mkazi wosakhala wake, kapena chithumwa choti nchobweza zipolopolo. Wansembe amakhala kutali, Misa imasowa miyezi. Chotsala m'thumba ndi Korona. Msilikali akamapemphera Korona ku tchire, mkazi wake namapempheranso m'nyumba, chiyanjano cha oyera chimene amachitchula m'Kumvera kwa Apositoli chimasanduka chinthu chogwirika.

Nkhaniyi sinathere ku Burma. Mu 2013 asilikali a Malawi anapita ku Congo pansi pa United Nations, ndipo mu November 2018 mwezi wa mizimu ya akufa unapeza maanja a asilikali ali m'maliro: mu 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni.

Tsono mkatekisiti adziwe maanja a asilikali a m'dera lake, atchule maina awo pa mapemphero a Lamulungu. Mvula ikagwa, a mphakati atenge makasu akathandize mayi wotsala yekha ndi ana.