Manja a Mose Atatopa

Phunziro la Lamulungu la 29 pa Chaka, Chaka C

Akhristu anzanga, mwezi wa Okutobala ndi wowawa m'mabanja ambiri. Dzuwa likuswa mtengo, chimanga chayamba kuchepa m'nkhokwe, ndalama ya feteleza sinapezeke. Ambirife tikupempha kuti Mulungu atithandize. Koma kodi Malembo Oyera akamati chithandizo, amatanthauza chiyani?

Tanthauzo la mawuwa

M'Chihebri, chilankhulo chimene analembera mabuku ambiri a Chipangano Chakale, mawu oti chithandizo ndi "ezer". Sanena za wantchito wongotumidwa ayi, koma za mphamvu imene imafika pamene munthu payekha wagwira njakata. Kawirikawiri mawuwa amanena za Mulungu mwini, monga mu Salimo 121 limene tikuimba lero. Mose anatcha mwana wake Eliezere, kutanthauza kuti Mulungu ndiye chithandizo changa, pokumbukira kuti anamupulumutsa kwa Farao (Eksodo 18:4). Chodabwitsa n'chakuti mawu omwewa ndi amene akunena za mkazi pa Genesis 2:18. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi, Mulungu amapereka chithandizo chake kudzera mwa munthu mnzathu.

Zimene zinachitika ku Refidimu

Pa Eksodo 17:8-13 tikumva kuti Aamaleki anathira nkhondo Aisraele. Yoswa anasankha amuna n'kupita kukamenyana nawo, pamene Mose anakwera paphiri atanyamula ndodo ya Mulungu. Mose akakweza manja, Aisraele ankapambana. Akawatsitsa, Aamaleki ankapambana. Tsono Mose, mneneri wamkulu uja, anatopa. Mulungu sanamuchotsere kutopako. Aroni ndi Huri ndiwo anatenga mwala n'kumukhazikapo, wina nagwira dzanja ili, wina dzanja linalo, mpaka dzuwa kulowa. Kupambana kunachokera kwa Mulungu, koma kunadzera m'pemphero la Mose, m'thukuta la Yoswa ndi m'manja mwa anthu awiri aja.

Kukhulupirira n'kutani?

Choyamba, n'kupemphera osataya mtima. Mu Mthenga Wabwino (Luka 18:1-8) mayi wamasiye analibe mwamuna womuyankhulira, analibenso chuma, koma sanaleke kupita kwa woweruza wouma mtima mpaka mlandu wake unaweruzidwa. Ngati munthu woipa anagonja, nanga Atate athu amene amatikonda?

Chachiwiri, n'kugwira ntchito. Yoswa sanakhale pansi poti Mose akupemphera. Tipemphe mvula yabwino, komanso tigalauze minda, tikonze manyowa.

Chachitatu, ndipo ichi n'chovuta kwa ambiri, n'kulola kuti ena atigwire manja. Alipo pakati pathu amene akugona ndi njala, ena akudwazika matenda kwa miyezi, ena ngongole ya katapila yawapanikiza, koma akafunsidwa pakhomo la tchalitchi amangoti, "Tili bwino." Manyazi otere amatseka khomo limene Mulungu afuna kulowera. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mwina yankho la pemphero lanu lakhala nanu pabenchi limodzi m'Misa yomweyi. Mwinanso inuyo ndinu yankho limene mnzanu wakhala akulidikira, ndipo mukachedwa, iye adzayesa kuti Mulungu wamuiwala.

Zokambirana ku Mphakati

1. Ndi liti pamene Mulungu anakuthandizani kudzera mwa munthu amene simunamuyembekezere?
2. Ndani m'Mphakati mwathu amene manja ake atopa: wokalamba, wamasiye, wosamalira wodwala? Sabata ino apite ndani kukamuona, ndipo atenge chiyani?
3. N'chiyani chimatilepheretsa kupempha chithandizo kwa abale athu?

Tipemphere

Ambuye Mulungu, manja athu akatopa mutitumizire Aroni ndi Huri, ndipo mutipatse kudzichepetsa koti tiwalandire. Mutitsekulenso maso kuti tione m'bale wathu amene watopa. Tikupempha izi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.