Kompyuta imodzi, ntchito zitatu: mulipire kapena mutenge yaulere?

Muli ndi kasukulu kapena kaofesi kuno ku Soche, ndipo wina wakuuzani kuti pakufunika maseva atatu: ya maakaunti, yosunga mafayilo, ndi ina yoti ana aziphunzirirapo. Musathamangire ku Limbe kukagula atatu. Kompyuta imodzi yamphamvu imagawika m'kati mwake ngati nyumba ya lendi, chipinda chilichonse n'kukhala ndi Windows kapena Linux yakeyake. Odziwa amati virtualization.

Yambani mwayang'ana m'thumba. Pulogalamu ya VMware yogawira kompyuta motere ndi yabwino, palibe angatsutse. Koma kampani ya Broadcom itaigula mu Novembala 2023, inasiya kugulitsa layisensi yolipira kamodzi. Pano mumalipira chaka ndi chaka, m'madola. Mu Novembala 2023 momwemo kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo za kusowa kwa ndalama zakunja kubanki mukuzidziwa nokha. Pulogalamu ya VMware yaulere yotchedwa ESXi anaichotsa mu Febuluwale 2024, n'kuibwezanso mu Epulo 2025. Nanga akadzaichotsanso mudzagwira mtengo wanji?

Ine ndingati tengani Proxmox VE, yopangidwa ku Vienna m'dziko la Austria kuyambira 2008. Zonse zilimo popanda kulipira tambala. Ndalama mumatulutsa pokhapokha mukafuna kuti eni ake azikuthandizani.

Patulani Loweruka limodzi. Kompyutayo ikhale ndi RAM yosachepera 16 GB. Lowani mu BIOS muyatse VT-x, kapena AMD-V ngati purosesa ndi ya AMD. Ambiri amaiwala apa, kenako n'kumati makina ndi akufa. Fayilo ya Proxmox imaposa 1 GB, choncho gulani bandulo yokwanira, muiike pa fulashi. Chenjerani: poilowetsa imafufuta chilichonse chili pa disiki. Samutsani kaye mafayilo anu onse.

Ikalowa, muziiyendetsa muli pa kompyuta ina, polemba adiresi yake mu browser n'kuwonjezera :8006 kumapeto. Pabwera kauthenga koti mulibe subscription. Musatekeseke, dinani OK.

Tsono ndalama mwapulumutsazo musadyere. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zipinda zitatu zija zimathimira limodzi, ndipo disiki itha kuwonongeka. Gulani UPS, kapena invetala ndi batire, komanso disiki yapadera yosungirako backup. Ikani kuti backup izichitika yokha usiku uliwonse, ndipo kamodzi pamwezi yesani kubwezeretsa imodzi muone ngati ikutsegukadi. Disikiyo isamagone chipinda chimodzi ndi seva.

Ngati mukungofuna kuphunzira, VirtualBox pa laputopu ikukwanirani, ndipo Windows 11 Pro imabwera kale ndi Hyper-V. Kulipira VMware kumamveka pamene wogulitsa pulogalamu ya maakaunti wanenetsa kuti sadzakuthandizani mukaiyendetsa kwina, mufunseni musanayambe. Ndipo mnyamata wokukonzerani akamaliza, asachoke asanakulembereni pasiwedi ya root papepala, muitsekere mu kabati.