THANDIZO LA BOMA POLOWETSA MAGETSI M'NYUMBA ZA KUMIDZI

Mawaya a magetsi, amene ambiri kuno timati malaiti, tsopano afika m'malo ambiri a m'maboma a Chipata, Chipangali, Kasenengwa, Chadiza ndi Vubwi. Afika pa masukulu, pa zipatala ndi pa misika. Koma nyumba zambiri za alimi zimene ziri pafupi ndi mawaya omwewo zikali mu mdima, ndipo ana akali kuwerenga ndi koloboi kapena toci. Cobvuta cacikuru ndico ndarama zimene munthu alipira kuti amkokere waya kucokera pa polo kufika pa nyumba yace. Nthawi ndi nthawi Boma licotsako gawo lalikuru la ndarama zimenezi. Alimi anzathu, dziwani kuti thandizo lotere silifika kwa munthu ali yense, ndiponso silidikira munthu. Alilandira ndi amene anakonzekeratu.

Kumene thandizoli licokera

M'caka ca 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Rural Electrification Authority, limene mwacidule lichedwa REA. Nchito yace ndiyo kufikitsa magetsi kumidzi. Kampani ya ZESCO ndiyo ilumikiza nyumba, kuika mita ndi kugulitsa mayuniti.

Pamene Boma linafufuza za umoyo wa anthu m'caka ca 2015, linapeza kuti pa nyumba 100 ziri zonse za kumidzi, zimene zinali ndi magetsi a ZESCO sizinakwane 5. M'caka ca 2017 World Bank inabvomera kupereka madola 26.5 miliyoni, ndipo cimodzi ca zolinga zace cinali kulumikiza nyumba 22,000 ndi timabizinesi 1,000 ta kumidzi. Pa nthawi imeneyo mwini nyumba anali kulipira K250 cabe. M'caka ca 2025 kunalengezedwanso thandizo lina, lakuti mwini nyumba alipire K300 m'malo mwa K4,846. Apa ndiye kuti K4,546 yacotsedwa pa mutu pace.

Mvetsani bwino apa. Ndarama zocotsedwazo sizipatsidwa kwa inu m'manja, iai. Zipita ku ZESCO kukalipira waya, mita ndi nchito yolumikiza. Cotero munthu akabwera m'mudzi nanena kuti mumpatse kangacepe kuti akutengereni ndarama za magetsi ku Boma, dziwani kuti ameneyo ndi mbala.

Ndani angathe kupempha?

Coyamba, nyumba ikhale ya m'dera la kumidzi limene lasankhidwa pa nthawi imeneyo, ndipo ikhale yoti sinalumikizidwepo ndi kale lonse.

Caciwiri, nyumba ikhale pafupi ndi polo la mawaya olowa m'nyumba. Muyeso wa ZESCO ndiwo mamita 30, amene ali ngati mayadi 33. Nyumba ikatalikira kuposa apa ifuna mapolo ena oonjezera, ndipo mtengo wace ndi wina. Musanyengedwe ndi mawaya akuru-akuru opita pamwamba pa munda wanu. Moto wa m'menemo ndi waukuru kwambiri, sungalowe m'nyumba popanda thiransifoma youcepetsa mphamvu.

Cacitatu, mawaya a m'kati mwa nyumba akhale ataikidwa kale, ndipo aikidwe bwino.

Cacinai, ciwerengero ca nyumba zothandizidwa ciri ndi malire. Cikakwana, ocedwa alipira mtengo wonse kapena adikira mpaka thandizo lina litalengezedwa.

Kapemphedwe kace

Yambani ndi kufunsa ku ofesi ya ZESCO ku Chipata kapena ya pa boma lanu. Funsani zinthu zitatu: ngati dera lanu lirimo, ndarama zimene mwini nyumba alipira pa nthawi imeneyo, ndi tsiku lotsekera. Mitengo isintha, cotero musadalire mau a pa mowa. Akuru anati safunsa anadya phula.

Popita kukalemba fomu tengani izi:

1. Citupa canu ca NRC pamodzi ndi kope lace.

2. Pepala losonyeza kuti malowo ndi anu. Okhala pa nthaka ya mafumu atenge kalata kwa mfumu, kudzera mwa a nyakwawa. Okhala pa mafamu ndi pa masikimu atenge mapepala a malo ao.

3. Kamapu kojambula pa manja kosonyeza njira yofikira pa nyumba panu, kucokera pa sukulu, pa chalichi kapena pa mphambano yodziwika.

4. Nambala ya foni imene igwira nchito.

Dzina la pa fomu lifanane ndi la pa citupa ndi la pa kalata ya malo. Mai wamasiye amene malo akali m'dzina la malemu mwamuna wace ayambe wakonza nkhani imeneyi kwa mfumu, kuti fomu yace isabwezedwe. Lipirani pa malo amene a ku ofesi akuuzani, ndipo landirani lisiti. Lisitilo lisungeni pouma pamodzi ndi mapepala anu a feteleza, pakuti ndilo mboni yanu tsiku limene mudzapita kukafunsa za kucedwa.

Zimene thandizo sililipira

Walira mvula walira matope. Boma likacotsako mtengo wolumikiza, zinthu ziwiri zitsala pa mutu panu.

Coyamba ndi mawaya a m'nyumba, maswichi, masoketi, bokosi la magetsi ndi malipiro a mmisiri. Kawiri-kawiri zimenezi zidya ndarama zambiri kuposa K300 ija. Funani mmisiri amene anaphunzira nchito imeneyi ndipo ali ndi mapepala ace. A ZESCO ayamba ayendera nyumba asanalumikize, ndipo mawaya oikidwa mwacisawawa awakana. Kukanako nkwabwino, cifukwa waya wosabvala bwino atentha nyumba pamodzi ndi nkhokwe. Amene nyumba yace ndi yaing'ono kapena yofolera ndi udzu afunse za bokosi lokonzeratu lochedwa ready board, limene liri ndi nyale ndi masoketi pamodzi ndipo likhomedwa pa cipupa.

Nthawi yabwino yokonzera zonsezi ndiyo ya malonda, pamene mwagulitsa nshawa, soya, mpendadzuwa kapena cimanga. Patulani ndarama za mbeu ndi feteleza poyamba, kenaka za mawaya. Musadye ndarama za munda cifukwa ca nyale, pakuti munda womwewo ndiwo udzagula mayuniti caka ca mawa.

Caciwiri ndi mayuniti a mwezi ndi mwezi. Mita ya masiku ano ndi yolipiriratu: mayuniti akatha, nyale zizima. Apanso pali thandizo limene silifuna fomu. Pa mitengo imene bungwe la Energy Regulation Board linabvomereza m'caka ca 2023, mayuniti 100 oyamba pa mwezi anaikidwa pa mtengo wotsika kuposa ena onse, ndipo opitirira apo mtengo wao unali wokwera. Onani masamu awa. Mababu 4 a LED a mawati 9, oyaka maola 5 usiku uli wonse, sakwanitsa mayuniti 6 pa mwezi. Koma mbaula ya magetsi ya mawati 1,000, yophikira maola 3 pa tsiku, idya mayuniti 90 pa mwezi. Nyale, wailesi ndi kuchaja foni sizidya zambiri. Cimene cidya ndi ciri conse cotentha, monga mbaula, ayironi ndi ketulo.

Za cigayo ndi mpope

Magetsi a thandizoli ndi a pa nyumba. Akwana kuyendetsa firiji ya m'kasitolo, makina osokera, nyale za m'khola la anapiye ndi kampope kakang'ono. Cigayo cacikuru ndi mpope waukuru wa ku dimba zifuna magetsi a three-phase, amene apemphedwa pa okha ndipo mtengo wace ndi wokwera. Musagule cigayo musanafunse. Ndiponso musakokere waya kwa mnansi kapena ku dimba mobisa. Umenewo ndi mlandu, ndipo waya wogona pansi apha ana ndi ng'ombe.

Amene ali kutali ndi mawaya

Mudzi umene mulibe polo usataye mtima, koma upemphe pamodzi. M'caka ca 2022 ndarama za Constituency Development Fund zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu. Zopempha za mudzi zidzera ku Ward Development Committee. Lembani maina a nyumba zonse zimene zifuna magetsi, pamodzi ndi sukulu, cipatala ndi masitolo, cifukwa pempho la anthu ambiri limveka msanga kuposa la munthu mmodzi.

Palinso magetsi a dzuwa. M'caka ca 2008 Boma linaimitsa msonkho wa kasitomu pa mapanelo a sola kuti mtengo wace utsike. Cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, cinatiphunzitsa kuti nyale ya sola ndi yofunika ngakhale m'nyumba imene iri ndi mita.

Cotero sabata lino yezani mtunda wa pakati pa nyumba yanu ndi polo. Ngati uli m'kati mwa mamita 30, kaoneni a nyakwawa za kalata, funsani mmisiri mtengo wa mawaya, ndipo kafunseni ku ofesi. A nyakwawa ndi akapitao a zaulimi awerengere anthu ao nkhani ino pa msonkhano.