Moyo wa Amalinyero pa Sitima ya Asilikali

Mwana wanga, wandifunsa za moyo wa asilikali a pamadzi, makamaka pamene akuphunzira ntchito ali pakati pa nyanja. Funso lako ndi labwino, ndipo usadziderere poti kuno ku Nsaru tilibe doko. Madzi a m'madambo athu, kaya atsikire mu Bua kaya mu Lilongwe, amakathera m'Nyanja ya Malawi. Nyanjayo ndi yathu tonse, ndipo oilondera ndi ana a m'midzi yonga uno.

Tiyambe ndi zosavuta. Gulu lankhondo la dziko lathu, Malawi Defence Force, lili ndi nthambi ya pamadzi imene likulu lake lili ku Monkey Bay, m'boma la Mangochi. Ntchito yawo ndi kulondera malire, kuthandiza kugwira ozembetsa katundu ndi anthu, ndiponso kupulumutsa amene akumira. Madzi akasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, maboti a asilikali amapita kukawombola anthu. Malo awo ogwirira ntchito si ang'ono: nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo chakumpoto imazama pafupifupi mamita 700.

Munthu sayambira pa sitima. Amayamba wakhala msilikali wamba, ndipo maphunziro oyamba a usilikali amachitikira ku MAFCO, ku Salima. Za pamadzi zimadza pambuyo: kusambira, kupalasa, kumanga zingwe, kuwerenga mapu. Kenako limafika tsiku lokwera sitima ndi kuchoka padoko. Zimene ndikuuze tsopano ndi mwambo wa sitima za nkhondo m'maiko ambiri. Zathu ndi zing'onozing'ono poyerekeza ndi za m'nyanja zamchere, koma malamulo a madzi ndi omwewo.

Dziwa kaye mbali za sitima. Deki ndi pansi popondapo, pamwamba pa sitima. Briji ndi chipinda chokwezeka chimene muli chiwongolero, kampasi, wailesi ndi rada. Kampasi imaloza kumpoto, ndipo rada ndi makina otumiza mafunde a wailesi amene akagunda chinthu amabwerera n'kuonetsa pamene chinthucho chili, ngakhale mumdima. Kunsi kuli chipinda cha injini, motentha ndi mwaphokoso. Nangula ndi chitsulo cholemera chomangidwa ku unyolo, chimene amachiponya pansi pa madzi kuti sitima isatengedwe. Ukayang'ana kutsogolo kwa sitima, mbali ya kumanzere amalinyero amaitcha port, ya kumanja starboard. Mayinawa sasintha ngakhale iwe utatembenuka, choncho lamulo likaperekedwa palibe wofunsa kuti, "Kumanja kwa yani?" Mwini ulamuliro wonse ndi kaputeni.

Tsopano tione tsiku lawo. Sitima ili pamadzi sigona. Nthawi zonse pamafunika wina pa chiwongolero, wina woyang'ana kutsogolo, wina pa injini. N'chifukwa chake anthu amagawidwa m'magulu, ndipo tsiku limadulidwa m'zigawo zotchedwa ulonda. Ulonda umodzi ndi maola 4: kuyambira 12 koloko usiku kufika 4 koloko, 4 kufika 8, 8 kufika 12, motero basi. Koma ulonda wa madzulo, wa 4 koloko kufika 8 koloko, amaudula pawiri, maola awiriawiri. Taganiza chifukwa chake. Zigawo zikanakhala 6, gulu limodzi likanamadzuka pakati pa usiku masiku onse. Zikakhala 7, nthawi zimasinthana, ndipo tulo towawa amagawana onse. Kale nthawi ankaidziwa ndi belu lolira mphindi 30 zilizonse, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka ka 8, pamene ulonda watha.

Wolowa ulonda amafika nthawi isanakwane. Amamva kwa mnzake kumene sitima yaloza, liwiro lake, ndi maboti amene aoneka pafupi. Wotuluka sachoka mpaka wolowa atanena kuti walandira. Gwira mfundo imeneyi: sachoka mpaka mnzake atalandira. Zili ngati kuchinga ng'ombe m'mphepete mwa munda wa eni. Suthamangira nsima mbale wako asanafike kudzagwira ndodo.

Amene sali pa ulonda sakhala chabe. M'mawa amakolopa deki, amapala dzimbiri ndi kupaka penti, amapukuta mfuti, amayang'ana oilo ndi madzi a injini. Malo ogona ndi opanikiza, mabedi osanjikana, ndipo katundu wa munthu aliyense amakhala m'kabokosi kamodzi. Chinthu chilichonse chimamangidwa kapena kutsekeredwa, chifukwa poto wongosiyidwa, mafunde akakula, amauluka n'kuvulaza munthu. Wamkulu amayendera zipinda zonse tsiku lililonse. Ena amaona ngati nkhanza, koma ine ndimati ukhondowu ndi chitetezo: nsanza ya mafuta yoiwalidwa pakona ndiyo imayambitsa moto.

Mdani woyamba wa wophunzira ndi mseru. Ukudziwa kuti mkati mwa khutu muli timadzi timene timauza ubongo mmene thupi lapendekera. Munthu akakhala m'chipinda cha sitima, maso amaona makoma ataima chilili, koma khutu limamva kugwedezeka. Ubongo ukalandira mauthenga awiri otsutsana, pamabwera chizungulire ndi kusanza. Mankhwala ake oyamba ndi kutuluka pa deki ndi kuyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo, kuti maso ndi khutu zigwirizane. Ambiri amazolowera pakapita masiku ochepa. Koma wosanza samuchotsa pa ulonda. Amasanza, napukuta pakamwa, nabwerera pamalo pake.

Tafika pa phata la phunziro lathu. Mwina umaganiza kuti maphunziro a pa sitima ya nkhondo ndi kuombera mizinga tsiku lonse. Kuombera kulipo ndithu, koma nthawi yochuluka imathera pokonzekera adani atatu amene safuna nkhondo kuti abwere: moto, madzi olowa m'sitima, ndi kugwera m'madzi kwa munthu.

Moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, mpweya ndi kutentha. Ukachotsa chimodzi, wazima. Pa sitima palibe kothawira, ndipo utsi umadzaza tinjira topapatiza m'kanthawi kochepa. Choncho belu la ngozi limalizidwa dala, mwadzidzidzi, nthawi zina 2 koloko usiku. Aliyense amathamangira pamalo pake. Wina amatseka zitseko ndi mafani kuti moto usapeze mpweya, wina amadula magetsi, wina amakoka paipi. Amaphunzira kuti moto wa mafuta sauthira madzi koma thovu, ndipo wa magetsi amauzimitsa ndi mpweya wosayaka kapena ufa wozimitsira moto. Amaphunziranso kuyenda m'sitima yonse maso atamangidwa, kufikira manja atadziwa pamene pali chitseko chilichonse.

Za madzi olowa, sitima imamangidwa ndi zipinda zambiri zokhala ndi zitseko zosalola madzi. Chipinda chimodzi chikabooka, amachitseka, zina n'kutsala zouma, ndipo sitima imayandamabe. Ophunzira amakhoma zipika m'mabowo, amachirikiza makoma ndi matabwa, amayatsa mapampu, madzi ali m'chiuno.

Munthu akagwera m'madzi, woyamba kumuona amafuula, naponya mkombero woyandama, naloza ndi dzanja. Ntchito yake ndi imeneyo basi: kuloza osachotsa maso. Mutu wa munthu pakati pa mafunde ndi kanthu kakang'ono, ndipo ukauphonya kamodzi sungauonenso msanga. Pamenepo wa pa chiwongolero amakhotetsa sitima kuti ibwerere m'njira yomwe inadzera. Pophunzira amaponya chidole, ndipo wamkulu amawerenga mphindi pa wotchi.

Bwanji amabwereza zomwezo mawa ndi mkuja? Chifukwa mantha akagwira munthu, nzeru zimathawa, koma manja amachita zimene anazolowera. Amabwereza kuti thupi lidziwe. Ndikunenanso: amabwereza kuti thupi lidziwe.

Usaganize kuti nyanja yathu ndi yofatsa poti madzi ake alibe mchere. M'nyengo yozizira kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera, imene imayenda utali wonse wa nyanja n'kuutsa mafunde aakulu. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Nkhondo nayo inafikapo pamadzi amenewa. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi, Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda poikonza ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Kaputeni wa Ajeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Mzinga wa Guendolen uli ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Ukadzapita kumeneko ukauone.

Usiku woyang'ana kutsogolo amawerenga nyali. Sitima imayatsa yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, yoyera pamwamba. Ukaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi, dziwa kuti sitimayo ikubwera molunjika kwa iwe, ndipo lamulo likuti nonse awiri mukhotere kumanja. Pa nyanja yathu pali vuto lina: asodzi a usipa amayatsa nyali zambirimbiri, ndipo mabwato ena amtengo alibe nyali n'komwe, rada nayo siwaona bwino. Apa diso la wophunzira wamng'ono ndilo limateteza msodzi.

Liwiro la sitima amaliyeza ndi manoti. Noti imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Wodziwa liwiro, nthawi ndi kumene kampasi yaloza angathe kulemba pa mapu pamene sitima ili, ngakhale makina onse atazima. Ndi masamu omwewo amene timachita m'kalasi muno. Tenga kope lako: sitima yachoka ku Monkey Bay 8 koloko m'mawa, ikuyenda manoti 12 kulowera chakumpoto. Pamene ulonda ukutha 12 koloko masana, yayenda makilomita angati? Lemba njira yonse imene wapezera yankho, ndipo mawa udzandionetse.