Siling'i iyambe, matailosi abwere pambuyo

Ana anga amene mukutumiza ndalama kuchokera ku Joni, ndi inu amene mwapeza kangachepe pa manachesi kapena pa geni ya pachipata cha Mwanza, ndaona kuti mukumanga. Mwachita bwino. Koma nyumba zambiri zatsopano za m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa n'zokoma poziona pokha. Ikafika Okutobala, m'katimo mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa, eni ake n'kumagona pakhonde, udzudzu n'kumadyerera.

Mlandu uli padenga. Malata akapsa ndi dzuwa amathira kutentha konse pamutu panu, ndipo usiku wa mu Juni amazizira msangamsanga. Denga laudzu la makolo silinkatero, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'kati mwa udzuwo sulola kutentha kudutsa mwachangu. Sindikuti mubwerere ku udzu ayi. Ndikuti pakati pa inu ndi malata pakhale chotchinga. Ikani siling'i. Mabodi akadula, mphasa za bango kapena nsungwi zoluka bwino zimathandiza ndithu, bola muzithire mankhwala a chiswe, ndipo mawaya a magetsi adutse m'mapaipi ake kuopa moto.

Siling'i payokha sikwanira. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye upatseni potulukira. Muuzeni mmisiri asiye mavent pa gebulo mbali zonse ziwiri komanso pamwamba pa mawindo. Ena amawatseka ndi nsanza ati kuopa fumbi ndi mileme. Kumeneko n'kudzitsamwitsa wekha, ikani sefa ya waya basi. Musaumire mizere iwiri ya njerwa yokweza chipupa. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Malata akuda ndiwo ali m'fasho, ndikudziwa, koma owala ndiwo amabweza dzuwa. Kumadzulo, kumene dzuwa la masana limaswa chipupa, kukhale khonde lalitali ndi mtengo wa mango.

Wina ati, "Ine ndigula fani." Fani imadya mayunitsi, ndipo imangozunguza mpweya wotentha womwewo. Mwaiwala kodi Januwale 2022? Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudativuta kupitirira chaka. Mafani adangokhala duu.

Kukhitchini nako, utsi upeze njira yake. Mangani chumuni kapena siyani mpata pansi pa denga, ndipo phikirani pa chitetezo mbaula, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Mitengo ya ku Thambani ikutha ndi makala tikuona. Chimodzi chokha ndikugwirani mwendo: kukazizira, musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka n'kugona. Mpweya wake sununkha, koma umapha banja lonse m'tulo.

Mmisiri asanakhome lata loyamba, khalani naye pansi, ndalama ya siling'i ndi mavent muipatuliretu.