Kuchoka ku Chadiza Kupita ku Mkaika Wapansi: Kamba ndi Katundu wa Wachinyamata

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Nthawiyi imagwa sukulu zili zotseka, motero kholo la kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala limene likufuna kuti mwana wake akadzionere Kulamba lingathe kunyamuka naye wapansi. Ulendowu ndi wotheka, koma umakoma kapena kuwawa malinga ndi zimene mwalonga m'chikwama musanatuluke pakhomo.

Yambani ndi kuwerengera mtunda. Funsani a njinga zamoto kuti kuchoka pamudzi panu kukafika ku Katete ndi makilomita angati, kenaka gawani ulendowo m'masiku. Munthu wosenza katundu amayenda pafupifupi makilomita 4 pa ola, ndipo mnyamata kapena mtsikana wa zaka 13 mpaka 16 asapitirire makilomita 20 patsiku. Lawirani m'bandakucha, pumani pamthunzi dzuwa likafika paliwombo, ndipo mukhale mutafika pogona kusanade.

Mapazi ndiwo amathetsa maulendo ambiri. Musamugulire mwana nsapato zatsopano sabata yonyamuka, chifukwa nsapato yosazolowera phazi imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Avale zimene wakhala akupita nazo kusukulu, bola zikhale zosang'ambika kuphazi. Sokosi zikhale mapeya atatu, kuti ina ikachapidwa madzulo iume itapachikidwa pachikwama mawa lake. Mapatapata ndi ovala pofika pogona, osati oyendera. Muwenge zikhadabo za kumapazi usiku woti munyamuka mawa. Mwana akangoti pachidendene pakutentha, imani pomwepo, mupukute fumbi, mumate pulasitala thuza lisanatuluke. Likatuluka musalisende khungu.

Katundu wa mwana asalemere kwambiri kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake. Wolemera makilogalamu 45 asenze makilogalamu 5 basi, pamodzi ndi madzi omwe. Chikwama chikhale cha zingwe ziwiri chobereka kumsana, osati thumba la m'manja. Zolemera zikhale zogunda msana, zofunika pafupipafupi zikhale pamwamba. Musiyeni alonge yekha inu mukuona, kenaka sabata imodzi ulendo usanafike muyende naye maola atatu atabereka chikwamacho. Pobwera adzachotsa yekha malaya owonjezera aja amene amakakamira.

Kumapeto kwa Ogasiti masana kumatentha, kumachita mphepo ndi fumbi, koma usiku kumazizirabe, makamaka pafupi ndi madambo. Aliyense akhale ndi juzi, chipewa ndi bulangeti lopepuka. Chitenje musachisiye: mufunda, muyala, mutchinga nacho fumbi pamphuno galimoto ikadutsa. Neti ya udzudzu ilowe m'chikwama cha wamkulu, pakuti malungo kuno kum'mawa sayang'ana nyengo. Mtsikana mumufunsire padera kwa amayi kapena azakhali ake za mapadi, sopo ndi kathumba kosungiramo, asakavutike m'njira chifukwa cha manyazi.

M'chilimwe mitsinje yambiri imaphwa, ndipo madzi otsalira m'zithaphwi amamwanso ng'ombe. Aliyense anyamule malita awiri, ndipo mudzaze mabotolo pamjigo uliwonse umene mwaupeza, ngakhale asanathe. Madzi a pachitsime chosavundikira muthiremo Clorin monga mwa malangizo a pabotolo, mudikire mphindi 30. Tenganinso mapaketi a madzi a moyo kuchipatala. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Kamba akhale wosachedwa kusasa: nshawa zokazinga, chimanga chokazinga, kandolo wootcha, chigumu, shuga, mchere ndi masamba a tiyi. Ufa wochepa, kapenta ndi kapoto kamodzi zikwanira nsima ya madzulo. Wachinyamata amamva njala msanga kuposa wamkulu, choncho nshawa zikhale m'thumba lake, asachite kupempha. Moto wophikira muuzime ndi dothi musanachoke, popeza udzu wa nyengo ino sufuna zambiri kuti uyake.

Wa zaka 16 atenge chitupa chake cha NRC. Wamng'ono mumulembere papepala dzina, mudzi, mfumu yake ndi manambala awiri a foni, alisunge m'kapulasitiki. Ndalama zina ziikeni pa Airtel Money kapena MTN, zina zikhale zosinthasintha m'manja, ndipo mwana asunge yake yokwanira kukwerera galimoto yobwerera kunyumba ngati mutasokonezana m'chigulu cha ku Mkaika. Foni ndi tochi zikhale zotchaja. Amene muli chakumalire, pewani tinjira tachidule tolowera ku Mozambique. Pamsewu wa Chanida ndi wa Great East pamathamanga malole akuluakulu, choncho yendani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto, mondondozana. Wina akadwala mutayandikira Katete, chipatala cha St Francis chilipo.

Pogona musangokhoma msasa patchire. Fikani kwa nyakwawa kukadali kowala, muchite odi, munene kumene mwachoka ndi kumene mukupita. Safunsa anadya phula: funsani njira, funsani komwe kuli manda ndi dambwe kuti musalowe malo oletsedwa. Mumuuziretu mwana kuti akakumana ndi gule panjira apatuke mwaulemu, asaloze chala, asajambule popanda chilolezo.

Chachikulu pa zonsezi ndi ichi: wachinyamata sanena msanga kuti watopa, amaopa kuoneka wofooka pamaso pa bambo kapena malume ake. Muikeni patsogolo kuti liwiro likhale lake, muziyang'ana mayendedwe ake, ndipo akayamba kutsimphina musamunyoze. Kumaliza mtunda wotsala pa njinga kapena pa minibasi si manyazi. Makolo anzanga, konzani katundu molingana ndi msinkhu wa mwana, kuti akafike ku Mkaika ali ndi mphamvu zoonera mwambo wa makolo ake, ndiponso kuti chaka chamawa adzafune kupitanso.